Yadi ya Agogo ku Kapata: lendi ndi yotchipa zoona, koma si malo a munthu wofuna kukhala payekha

Anthu angapo akhala akundifunsa za pamene ndimakhala, makamaka aja obwera pa transifa ndi ana a sukulu ya unesi ofuna chipinda chosadula, ndiye ndati ndilembe zonse kamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe, m'malo moti ndizibwereza nkhani imodzimodzi pa foni mpaka tokotaimu kutha. Dzina la eni ake sinditchula, ndi munthu wamkulu ndipo za pa Facebook sakondwera nazo. Tonse timangoti Agogo, ndipo malowo timangoti pa yadi ya Agogo, mkati mwa komboni ya Kapata muno mu Chipata ku Zambia, pongoyenda wapansi kuchoka pa msika osafuna njinga.

Kutsogolo kuli nyumba yaikulu momwe amakhala iwo ndi adzukulu, kumbuyo kuli mdadada wa zitseko 8, zina chipinda chimodzi zina ziwiri. Chimodzi ndi K400 pa mwezi, ziwiri ndi K750, madzi ali momwemo koma malaiti ndi apadera. Ine ndili mwa ziwiri. Amene munayendapo kufunafuna nyumba muno mu Chipata mukudziwa kuti mtengo umenewu manje ndi wosowa, chifukwa ukangoti selufu kontendi ya matailosi, olo ikhale kachipinda kakang'ono bwanji, mtengo umalumpha, ndiye kumayadi uko ku Kalongwezi kapena ku Moth osanena n'komwe, kumeneko ndi kwa anthu a ma NGO ndi mabwana a m'maofesi, ife a malipiro omwe amatha pa 10 timangodutsako popita kwina.

Chabwino choyamba, palibe ejenti. Amene simunakumane nawo anyamata amenewa thokozani Mulungu. Amakulipiritsa ndalama yongokaonera nyumba, mukwere njinga yamoto ulipire ndiwe, mufike kumeneko upeze mukukhala anthu kale kapena denga alibe, akuti tiyeni kwina bosi pali ina yabwino kwambiri, ndipo tsiku lomwe wapeza nyumba akufunanso komishoni pamwamba pa adivansi ya a landilodi. Pa yadi ya Agogo zimenezo kulibe. Sakhoma chikwangwani, salengeza pa Breeze FM, chitseko chikatseguka nkhani imayenda pakamwa basi. Koma musaganize kuti ndiye kuti n'kophweka kulowa. Muyenera kubwera ndi munthu amene iwo akumudziwa, wa kutchalitchi kwawo, wa pamsika, kapena mmodzi wa ife okhala kale, ndipo amakukhazika pa mphasa pakhonde n'kuyamba kukufunsa: kwanu n'kuti mwana wanga, mfumu yanu ndani, mumapemphera kuti, muli pabanja kapena ayi, mumamwa, mukamwa mumatani. Funso la kuti mumalandira zingati limabwera kumapeto kwenikweni, ngati labwera n'komwe. Ndinaonapo bambo wina atabwera ndi galimoto, ndalama ya miyezi 6 ili m'manja, anabwezedwa bwinobwino ndi ulemu wonse, akuti chitseko chatengedwa kale pomwe chinali chopanda munthu, chifukwa chabe anapereka moni ali chiimire manja ali m'thumba. Mlungu wotsatira chitseko chomwecho chinapatsidwa kwa mayi wogulitsa vitumbuwa amene analipira theka n'kulonjeza kuti yotsala abweretsa Loweruka.

Kuti mumvetse chifukwa chake mtengo uli pansi chonchi, dziwani kuti pamalopa palibe loni yomwe ikubwezedwa. Nyumba yakutsogoloyo inali ya khonsolo. Amuna awo malemu ankagwira ntchito ku fakitale ya njinga ija ya Luangwa Industries yomwe inkapanga njinga za Eagle kuno, ndipo mu 1996 pamene boma la a Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa anthu okhalamo pa mtengo wotsika, iwo anagula. Zipinda zakumbuyozi anamanga pang'onopang'ono ndi njerwa zootcha, chaka chino chitseko chimodzi, ndalama ya nsawawa ikabwera kuchokera kumudzi chinanso, n'chifukwa chake mukayang'anitsitsa mdadadawo suli mzere umodzi, makoma ena anatuluka ena analowa, mazenera ndi osiyanasiyana. Ndipo si iwo okha, Kapata yense ali choncho, Mchini, Navutika, Magazine chimodzimodzi. Nyumba zija zitagulitsidwa khonsolo sinakhalenso ndi nyumba zambiri zopatsa anthu pa lendi, ndiye amene akusunga anthu wamba mu tauni ino ndi amayi ngati amenewa omwe anamanga kuseri kwa nyumba zawo. Timanyada kuti Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, anthu akubwerabe tsiku ndi tsiku, ochita bizinesi ya pa boda ku Mwami, ana a makoleji, antchito a boma, anyamata ochoka kumidzi kudzayendetsa njinga zamoto, koma funsani kuti onsewa amagona kuti, mupeza ndi kuseri kwa nyumba ya munthu. Mu 2023 pamene bungwe la penshoni la NAPSA linalola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo, ambiri anamanga, zoona, koma amene ndawaona ine anamanga mafulati a matailosi ndi wolofensi ofuna lendi yokwera kuti ndalama ibwerere msanga. Wa K400 palibe amene akumuganizira.

Tsopano chipinda chenichenicho. Osayembekeza zambiri. Pansi ndi simenti ya polishi yofiira, ndipo polishiyo ugula wekha. Silingi bodi mulibe, ukagona chagada umawerenga misomali ya malata, ndipo mu Okutobala kuyambira cha m'ma 11 mpaka dzuwa kulowa mumatentha ngati uvuni wa njerwa, makandulo amapindika okha pa tebulo, aliyense amatulutsa mphasa kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Mu Juni ndi Julayi malata omwewo amalowetsa mphepo yonse, kum'mawa amadontha thukuta pa bulangete. Khoma la pakati pa iwe ndi neba silinafike kudenga bwinobwino, pali mpata woti dzanja n'kulowa, ena anatsekapo ndi makatoni ndi masaka, koma mawu amadutsabe, neba akatsokomola umayankha kuti pepani, akamakangana ndi akazi awo nkhani yonse umaimva mpaka kudziwa wolakwa. Zitseko ndi zamatabwa olimba ndithu, mazenera ali ndi zitsulo, ndipo chiyambire sindinamvepo kuti munthu waberedwa m'kati mwa yadi, chifukwa pamakhala munthu nthawi zonse ndipo mlendo aliyense amafunsidwa kuti mukufuna ndani asanafike n'komwe pa waya woyanika zovala. Njinga yanga imagona panja, mbaula panja, ndowa panja.

Vuto lalikulu la nyumbazi ndi mvula. Chipata mukuidziwa inakhala m'chigwa mapiri atazungulira, mvula ikagwa yamphamvu madzi onse amatsetsereka kubwera kumakomboni, ndipo zitseko ziwiri za kumapeto, namba 7 ndi namba 8, zili potsika. Anamangapo kakhoma kakang'ono pakhomo koma mu Januwale madzi amalowabe, okhalamo amakweza matumba a unga pa mipando. Kwanga kumadontha pakona imodzi pomwe malata awiri anakumana. Ndinanena, anandiyankha kuti mwana wanga tidikire mvula ithe, mvula itatha anati tidikire mnyamata wokhoma uja abwere kuchokera kumudzi, mnyamatayo atabwera panalibe ndalama ya lata. Pa zokonzakonza Agogo ndi ochedwa kwambiri, izi ndinene mosabisa. Njira yomwe imagwira ntchito ndi yoti ukonze wekha, usunge risiti, uwaonetse, amachotsa pa lendi osavuta, koma uyambe wawauza usanagule kanthu chifukwa ukangochita mwa iwe wekha amati wawadelera ndipo ndalamayo yapita.

Madzi ndi pompi imodzi pakati pa yadi. Amatuluka bwino usiku ndi m'mamawa, masana nthawi zina amangolira mpweya makamaka nyengo yotentha madzi akatsika ku damu la Lutembwe, ndiye khalani ndi dilamu kapena zigubu zingapo. Zimbudzi ndi ziwiri zokumba, cha amuna ndi cha akazi, mabafa awiri, cha Agogo ndi chapadera chokhala ndi loko wake. Apa ndiye pomwe ndimawapatsa ulemu, chifukwa ndakhalapo m'mayadi ena momwe chimbudzi umalowa utatseka mphuno ndi kupemphera. Pano pali katoni yokhomedwa pa khoma la bafa, yolembedwa ndi makala manambala a zitseko ndi masiku, tsiku lako likafika umakolopa zimbudzi, kuthira phulusa, kusesa yadi yonse mpaka pa geti, ndipo kiyi wa chimbudzi amene anamangiriridwa ku chitsekerero cha botolo la saladi kuti asasowe umamusiya pa msomali wa chitseko chotsatira, ndiye kuti wapereka ntchito kwa mnzako. Zilibe kanthu ndiwe ticha kapena wapolisi, mwamuna kapena mkazi. Mnyamata wina wa ku banki ankalipira mwana wa neba K10 kuti azimukolopera, Agogo atamva anamuitana n'kumuuza kuti iwe ukamalowa umo umatuma munthu? Kuyambira tsiku limenelo timamuona ndi tsache, taye ili m'khosi. Nthawi ya kolera ija kumayambiriro kwa 2024 anaika ndowa ya madzi a kolorini pa geti ndi ina pa chimbudzi, anakhala pampando pakhonde tsiku lonse kuyang'ana amene wadutsa osasamba m'manja, ana mpaka ankazemba kudzera kumpanda. Palibe amene anadwala pa yadi.

Malaiti ndiye nkhondo yathu ya mwezi ndi mwezi. Mita ndi imodzi ya pulipedi ya zitseko zonse 8, aliyense amasonkha molingana ndi zomwe ali nazo, wa babu ndi tchaja chabe amapereka pang'ono, wa firiji ndi TV amaonjezera. Sitovu ya magetsi, hita, ndi kaelementi kotenthetsera madzi m'ndowa ndi zoletsedwa, timaphika pa mbaula ndi malasha, ena manje agula gasi. Koma mayuniti akatha pa 20 m'malo mwa pa 30 aliyense amadziwa kuti pali wina akuphika nyemba usiku pa sitovu yobisa pansi pa bedi, ndiye kumayamba kuyang'anana, kununkhiza pazitseko, aTicha a pa namba 4 amene amasunga buku la mayuniti amapita kukaima pa mita ndi tochi kuona kuwala kwake kukuphethira mwachangu bwanji, kenaka n'kumagogoda chitseko chimodzichimodzi. Zimaseketsa ukamazifotokoza koma zimadanitsa anthu zoona, pali azimayi awiri sanalankhulane mwezi wathunthu chifukwa cha ayironi. Tinapempha kuti aliyense akhale ndi mita yake kapena kamita kakang'ono kowerengera pakhomo, akuti n'zodula. Chaka cha chilala cha 2024 madzi atachepa ku Kariba nkhondoyi inayamba yazirala yokha poti malaitiwo ankabwera pakati pa usiku kwa maola ochepa, aliyense kudzuka kutchaja foni ndi kusita, kenaka mdima, mayuniti mpaka ankatsala.

Lendi imalipiridwa pamanja, pa 5 pasanadutse. Za Airtel Money kapena MoMo amakana, akuti ndalama ya mu foni imathera kwa adzukulu iwo asanaione, ndipo mwina akunena zoona. Umalowa m'nyumba, kugwada kapena kukhala pansi, kupereka ndi manja awiri, amawerenga kawiri, kenaka amatulutsa hadikava yakuda yomwe amasunga mu pulasitiki pamodzi ndi makhadi a kuchipatala, umalemba wekha dzina, mwezi ndi ndalama, iwo n'kuikapo chizindikiro chawo. Umenewo ndiye umboni wonse, pepala la mgwirizano kulibe. Ine ndimajambula tsambalo pa foni mwezi uliwonse ndipo ndikulangizani muzichita chimodzimodzi. Polowa amafuna mwezi umodzi chabe, osati itatu ngati kwina. Ukachedwa kulipira, chinsinsi n'kupita wekha tsiku lisanafike kukanena kuti Agogo mwezi uno zavuta, malipiro achedwa kapena mwana wadwala. Amadandaula pang'ono, amakuuza za mtengo wa feteleza, kenaka amati chabwino ubweretse ukapeza. Sanachotsepo chitseko cha munthu kapena kutulutsa katundu panja monga amachitira a landilodi ena. Koma ukayamba kuzemba, kutuluka m'bandakucha kubwera iwo atagona, ndiye kuti wadziitanira mavuto, adzakudikira pa pompi anthu onse ali pomwepo n'kukufunsa mokweza kuti kodi mwana wanga ndinakulakwira chiyani. Kukweza lendi amakweza, koma pang'ono, ndipo amatiitana tonse pansi pa mango kutiuza miyezi iwiri isanakwane.

Nanga n'chiyani chimene chimasunga anthu pano zaka ndi zaka pomwe denga likudontha? Ndinachiona bwino pamene anamwalira bambo a pa namba 2, amene ankasoka nsapato pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Anali a ku Chadiza, abale awo onse kumudzi, muno anali ndi mkazi ndi ana atatu basi, ndipo m'nyumba munalibe olo K100. Uthenga utafika kuchokera ku Chipata Central Hospital cha m'ma 4 m'mawa, pofika 6 koloko katundu wa m'chipinda chawo anali atatulutsidwa kale n'kusungidwa kwa aTicha, Agogo anatsegula sitingirumu yawo kuti azimayi akhalemo chifukwa chipinda chimodzi sichikanakwana, anyamata anapita kukafuna tenti ku tchalitchi ndi nkhuni, hadikava ija ya lendi anaitembenuza n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake chopereka, chitseko chilichonse K50 ndi mbale ya unga, amene analibe ndalama anapereka malasha kapena kabichi. Palibe amene anafunsidwa ngati akufuna. Mnyamata wa ku banki uja anati ali ndi miting'i, Agogo anangomuyang'ana n'kunena kuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, anaimba foni ku ntchito n'kuvula taye. Amuna tinagona panja pamoto masiku onse, azimayi m'nyumba kuimba mpaka kucha.

Ndiye panali aSisi a pa namba 6, nesi wochokera ku Kasama, Mbemba, amene anali atangofika kumene ndipo Chinyanja chawo chinali cha ku Lusaka chothyokathyoka, ankangoti bwanji n'kulowa m'nyumba. Tonse tinkati ndi onyada. Koma pa maliro a munthu wa kum'mawa Mbemba ndi mbuya, ndiye kuti wa chibale cha nthabwala pakati pa mitundu yathu, ndipo iwo mwambo umenewu ankaudziwa bwino kuposa ife, anatuluka atamanga chitenje ndi botolo la paudala m'manja, kuyamba kuthira anthu kumutu, kuwalanda nsapato kuti awombole ndi ndalama, kunyoza malemu kuti wathawa ngongole ya mbewa, mpaka Agogo amene palibe amawagwira anapakidwa unga kumaso n'kulipira K20 akuseka misozi ili m'masaya. Ndalama yomwe anatolera aSisi tsiku limenelo ndi imene inakwaniritsa mafuta a kanta yonyamula maliro kupita ku Chadiza. Kuchokera pamenepo ndi munthu wathu, ana onse a pa yadi akatentha thupi usiku amagogoda pa namba 6, ife timawanena za kudya anyani iwo amatinena za mbewa, ndipo nthawi ya mbewa ikafika amadya nawo mobisa. Amayi ofedwa aja anakhala miyezi iwiri osalipira lendi, sinalembedwe ngati ngongole, ndipo adakali pomwepo.

Palinso chilimba cha azimayi cha mlungu ndi mlungu, amuna anayesa chawo chinafa msanga poti wina analandira n'kusiya kusonkha, nkhani yake ikadali kukambidwa. Chilimbachi chathandiza ambiri kusapita kwa a kaloba obwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chachikulu. Mwana akaweruka kusukulu amake ali kumsika sagona ndi njala, amadya pomwe papsa nsima. Ukadwala phala limabwera lokha.

Koma zonsezi zili ndi mtengo wake ndipo ndi pomwe ena amalephera. Pano chinsinsi kulibe. Ukagula nkhuku adziwa, ukabwera ndi thumba la Shoprite adziwa ndipo madzulo wina abwera kudzabwereka shuga, ukalandira mlendo wamkazi kapena wamwamuna mawa lake pa pompi nkhani ndi yako, ndipo Agogo adzakuitana kukufunsa kuti uja ndani, makolo ake akudziwa? Geti imakhomedwa 22 koloko, makiyi ali ndi anthu awiri chabe, a manaiti monga aSisi anapatsidwa wawo koma iwe wobwera kuchokera kokaonera mpira uyenera kugogoda, ndipo amene amatsegula ndi mdzukulu wawo wamkulu amene amachedwa dala n'kufuna ya drinki. Mdzukulu ameneyu ndi vuto palokha, dzina lake silili pa katoni ya zimbudzi, amaliza nyimbo mokweza masana anthu a naiti akugona, ukadandaula Agogo amati ndi mwana. Ali ndi ndevu. Lamlungu m'mawa ngati sunapite kutchalitchi kulikonse udzafunsidwa ngati ukudwala. Ndipo kusonkha sikutha, maliro a pa yadi, maliro a yadi yoyandikana, kitchini pate ya mwana wa neba, chinkhoswe, wina wagonekedwa kuchipatala, ukawerengera pa chaka mwina K400 ija ndi K500. Kumapeto kwa Febuluwale nthawi ya mwambo wa Nc'wala abale a Agogo ochokera kutali amafikira pano asanapite ku Mtenguleni, poti iwo ndi Angoni, yadi imadzaza zikopa ndi zibonga, mzere wa kubafa umayamba 4 koloko, ndipo ngati uli ndi malo pansi udzapemphedwa kugoneka mlendo mmodzi kapena awiri, kupemphedwa kwake kuja koti sungakane. Ine zimenezi ndimazikonda, nyama imakhala yambiri, koma ndikudziwa anthu amene zingawatopetse. Banja lina lachinyamata linakhala miyezi yochepa n'kusamukira ku kafulati kodula kawiri, mkaziyo anandiuza kuti bola kudya soya mwezi wonse koma chitseko chikhale chake. Sindinamutsutse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si denga kapena mdzukulu. Ndi chakuti zonse zomwe ndalembazi zaima pa munthu mmodzi wokalamba amene akumwa mankhwala a BP. Ana awo ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt, akabwera pa holide amayendayenda pa yadi kuyeza ndi maso, tinamvapo wina akunena pa foni kuti malo ano atagwetsa zonse n'kumanga bodingi hausi ya ana a koleji, mabedi anayi chipinda chimodzi, ndalama ingabwere katatu. Ndipo masamu ake ndi oona, sitingawanene kuti ndi oipa mtima. Popeza palibe pepala lililonse, tsiku limenelo likadzafika tidzangopatsidwa mwezi umodzi kapena itatu. Choncho amene mukubwera musabwere ndi maganizo oti mwafika, bwerani kuti mupume pa lendi uku mukusunga ya pulotu. Ambiri pano ndi zomwe akuchita, aTicha nyumba yomwe akumanga ili kale pa windo levulo kunja kwa tauni njira ya ku Lundazi. Pa nkhani ya mapulotuyo chenjerani, malo otchipa ambiri ozungulira Chipata ndi a mafumu, kalata ya anduna kapena a hedimani si taitolo, kuti afike pa taitolo ya zaka 99 pafunika chilolezo cha mfumu yaikulu, kenaka khonsolo, kenaka unduna wa za malo, ndipo pulotu imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo. M'makomboni ena chomwe anthu ali nacho ndi laisensi yokhalapo ya zaka 30, ndiye muzifunsa kuti pepala lomwe mukugulalo ndi liti musanatulutse ndalama.

Pa 10 ndingapereke 7. Nyumba payokha ndi ya 4, chitetezo ndi ukhondo 9, mtengo 9, malaiti 3. Ndi yabwino kwa mayi amene ali yekha ndi ana, kwa munthu wobwera kumene amene alibe wachibale muno, kwa mwana wa sukulu amene makolo ake akufuna pakhale diso la munthu wamkulu. Kwa okonda kubwera m'bandakucha, kwa ogwira ntchito pa kompyuta kunyumba ofuna bata ndi malaiti odalirika, kapena amene moni wa m'mawa amauona ngati chintchito, funani kwina, mudzangodana ndi anthu pachabe.

Namba 7 ikhala yopanda munthu kumapeto kwa mwezi uno, okhalamo apita pa transifa ku Petauke. Ndi imodzi mwa zotsika zija, ndiye mukapita kukaona yang'anani khoma m'munsi muone pomwe madzi anafika chaka chatha, mzere wake ukuoneka, ndipo mukambirane za kukweza kakhoma ka pakhomo musanalipire osati mutalowa. Funsaninso za ndalama yopopa chimbudzi chikadzaza chifukwa imeneyo timagawana tonse ndipo cha amuna chatsala pang'ono. Mubwere ndi loko wanu, babu lanu ndi dilamu. Pitani madzulo cha m'ma 16 akamaliza kugona masana, osati Lachinayi poti amakhala ku msonkhano wa azimayi kutchalitchi, azimayi mumange chitenje, abambo chipewa m'manja, ndipo mupeze munthu woti akuperekezeni. Ine ndingaperekeze amene ndikumudziwa chabe, chifukwa mukadzayamba kuphika nyemba pa sitovu usiku woyamba kuitanidwa pakhonde ndidzakhala ine.